Kusinthana malinki sikudzatikweza pa Google

Ife amene timayendetsa mawebusaiti ang'onoang'ono a mawailesi ndi magulu a m'madela timalandila pempho limodzimodzi kawilikawili: ikani linki yathu pa tsamba lanu, nafenso tiika yanu, tonse tikwele pa Google. Maganizo athu ndi akuti tizikana.

Nzelu imeneyi ili ndi pomwe inacokela. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa Google mu 1998, njila yawo ya PageRank inali kuwelenga linki monga voti yoonetsa kuti tsamba n'lothandiza. Anthu atazindikila, anayamba kusinthana mavotiwo. Mu 2012 Google inabweletsa Penguin, imene inagwetsa mawebusaiti odalila malinki opangana, ndipo malamulo ake amaona kusinthana malinki mopitilila muyeso monga cinyengo.

Koma cacikulu ndi owelenga athu. Mlimi wa ku Katete akatsegula nkhani yathu ya mtengo wa cimanga n'kupezamo linki ya webusaiti yobechela mpila kapena ya nkhongole za kaloba, amatenga kuti ndife tamulozela kumeneko. Akataya ndalama, sadzafunsa Google. Adzatiloza ife cala.

Linki yabwino ndi imene tingaike popanda kuyembekezela kubwezeledwa: nkhani ya cimanga iloze ku FRA, ya mvula iloze ku nthambi ya boma yoona zanyengo. Zolembedwa m'Cinyanja n'zocepa pa intaneti. Tikalemba zoona za ku Chipata, Petauke ndi Lundazi, zimene sizipezeka kwina, ofuna kuzichula adzaika okha malinki athu.