Kusakaniza zithunzi sikudayambe lero

Anthu akudandaula kuti makompyuta ndi mafoni aononga chithunzi, ati kale chithunzi sichinkanama. Inetu ndikukana, abale anzanga. Kusakaniza zithunzi kudayamba kamera ikadali khanda, ndipo oyambitsawo sadali akathyali ayi, adali amisiri.

Taonani Gustave Le Gray wa ku France. M'zaka za m'ma 1850 magalasi ojambulira ankalephera kugwira nyanja ndi mitambo nthawi imodzi. Nyanja ikaoneka bwino, kumwamba kunkangoti mbee. Iye n'kumajambula nyanja payokha, mitambo payokha, kenaka n'kuzilumikiza papepala limodzi. Adanama pamenepa? Maso ake adaonadi zonse ziwiri, yoperewera inali kamera.

Ku England, Oscar Rejlander adapitirira apo. M'chaka cha 1857 adaonetsa ku Manchester chithunzi chotchedwa The Two Ways of Life, chochokera m'magalasi pafupifupi 30: anyamata awiri, wina akulowera kumowa, juga ndi chiwerewere, mnzake kuntchito ndi mapemphero. Ena adanyansidwa ndi amayi osavala amene adali m'menemo, koma Mfumukazi Victoria idagula chake.

Chaka chotsatira Henry Peach Robinson adalumikiza magalasi 5 n'kupanga Fading Away, mtsikana akumwalira pakati pa abale ake. Zonsezo zidali zongokonza, maliro kunalibe. Anthu adakwiyabe, ati imfa si yojambula ndi kamera, chonsecho ojambula ndi penti ankaijambula popanda wowadzudzula. Apa m'pamene padagona nkhani. Akuluakuluwa ankafuna kuti kamera nayo ilemekezedwe ngati luso, ndipo Rejlander ndi Robinson sankabisa. Rejlander adafotokozera ojambula anzake mmene adachitira, Robinson mpaka adalemba buku mu 1869 lophunzitsa ena.

Choncho ine sindilimbana ndi wosakaniza. Amene ndikulimbana naye ndi uja wosakaniza n'kukhala chete. Inu amalonda mukumudziwa, amakutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha risiti ya ndalama zimene simudazilandire. Nanunso ophunzira mumaona nthawi ya kampeni khamu la pamsonkhano litachulukitsidwa.

Ameneyonso si wa lero. Ku Soviet Union kudali chithunzi cha Joseph Stalin akuyenda m'mbali mwa ngalande ya ku Moscow ndi mkulu wa apolisi ake achinsinsi, Nikolai Yezhov. Yezhov adaphedwa mu 1940. Chithunzi chija chitatulukanso, pamene adaima iye padangotsala madzi.