Chitupa cholembedwa ALIEN sichikuletsani kuvota ku Chitungwiza

Mphekesera ija yabweranso. Ikuyenda m'magulu a WhatsApp a mabungwe othandizana pamaliro, ikukambidwa pamjigo ku St Mary's ndi m'makombi ochokera pa Makoni. Akuti aliyense amene makolo ake adachokera ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zambia alibe gawo pa chisankho cha makhansala a Chitungwiza, ndipo akangoyerekeza kukalembetsa, dzina lake lilowa m'buku la anthu odzathamangitsidwa m'dziko muno. Ena akuthirapo mchere: ati ochita lendi savota, ati wa ngongole ya madzi kukhonsolo adzachotsedwa pamzere. Zonsezi ndi bodza, ndipo zikutipweteka mtima kuti patatha zaka zoposa khumi lamulo lidasintha, tikulembabe nkhani yomweyi.

Tiyambe ndi lamulolo, poti ofalitsa mphekeserayi salitchula n'komwe. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe, amene adasindikizidwa pa 22 Meyi 2013, ali ndi ndime 43 imene idalembedwera anthu ngati ifeyo. Ndimeyi ikuti munthu wobadwira m'Zimbabwe tsikulo lisanafike ndi nzika yobadwa nayo, ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri adali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, komanso ngati mwiniwakeyo ankakhala m'Zimbabwe pa tsikulo. Malawi, Mozambique ndi Zambia onse ali mu SADC. Choncho mayi wobadwira pafamu ku Mazowe kapena pamgodi ku Shamva, bambo ake ochokera ku Dedza, amene 2013 idamupeza akukhala ku Zengeza, ndi nzika yofanana ndi wina aliyense. Safunika kupempha unzika kwa munthu, safunika kulumbira, ali nawo kale. Ana ake obadwira muno nawonso ndi nzika, malinga ndi ndime 36, chifukwa mayi wawo ndi nzika.

Nanga zothamangitsidwa? Ndime 66 ikuletseratu kupirikitsa nzika m'dziko. Ndime 67 ikupatsa nzika iliyonse ya zaka 18 kapena kuposerapo ufulu wovota mwachinsinsi pa zisankho zonse, ndi wopikisana nawo. Amene akukuuzani kuti kulembetsa ndi msampha, mufunseni akutchulireni ndime imodzi yokha imene ikumuikira kumbuyo. Sadzaipeza.

Wina anena kuti zapapepala n'zapapepala, chitupa changa chidalembedwabe ALIEN. Nkhani imeneyi idafika kale kukhothi. Mu 2017, bungwe loyendetsa zisankho la ZEC litayamba kalembera watsopano wojambula nkhope ndi zala, anthu a zitupa zotere ankabwezedwa. Mayi Sarah Kachingwe a ku Epworth, pamodzi ndi zipani ziwiri za MDC, adakasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Harare. Mu Novembala chaka chomwecho, Jaji Nyaradzo Munangati-Manongwa adagamula kuti wobadwira m'Zimbabwe amene chitupa chake chidalembedwa ALIEN alembetsedwe ngati wovota, akaonetsa chitupacho, kalata yake yakubadwa yosonyeza kumene makolo adachokera, ndi umboni wa kumene amakhala. Epworth si kutali ndi kuno. Mayi mmodzi adalimba mtima, njira idatseguka, koma ife tikuitsekanso tokha ndi mauthenga a pafoni opanda mwini.

Tikudziwa chifukwa chake bodzali likukhulupirika msanga. Lidamera pa chilonda chenicheni. Agogo athu adabwera pansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kudzalima fodya ndi kukumba migodi ya Rhodesia. Ana awo adabadwira konkuno ndipo ambiri adavota bwinobwino dziko litalandira ufulu mu 1980. Zinthu zidatembenuka mu 2001, pamene lamulo la unzika lidasinthidwa n'kulamula kuti aliyense amene alinso ndi unzika wa dziko lina aukane pofika Januwale 2002. Ofesi ya kaundula, pansi pa Tobaiwa Mudede, idagwiritsa lamuloli ngakhale pa anthu amene sadapondeko ku Malawi chibadwire. Anthu adachotsedwa m'kaundula wa ovota chisankho cha 2002 chili pafupi, ndipo mu 2005 okhala m'dziko mokhazikika koma osakhala nzika adalandidwanso voti. Amene adabwezedwa pamzere zaka zimenezo, anthu akuwaseka kuti mabwidi, sadaiwale. Mantha awo tikuwamvetsa. Koma lamulo limene lidawabweza lidagonja kwa malamulo a 2013, ndipo kupatsira ana mantha a 2002 ndi kuwalanda chinthu chimene boma lidabweza kale.

Tisanamizanenso mbali inayi. Munthu wobadwira ku Malawi amene adabwera ali wamkulu, ndipo sadalembetse unzika wa Zimbabwe, savota, ngakhale atakhala ku Seke zaka makumi anayi. Ameneyo njira yake ndi kupempha unzika kaye. Kupatula apo, oletsedwa ndi ochepa: wosungidwa mwalamulo chifukwa cha matenda a maganizo, amene khothi lidagamula kuti sangathe kudziyendetsera zinthu, ndi amene adapezeka wolakwa pa mlandu wa zisankho n'kuletsedwa ndi bwalo lalikulu. Dzina la Phiri, Banda kapena Mwale mulibe m'ndandanda umenewu.

N'zoonanso kuti alipo ambiri amene vuto lawo si lamulo koma mapepala. Lipoti la Amnesty International la mu Epulo 2021 lidati anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu obwera kudzagwira ntchito. Agogo adamwalira pafamu opanda chitupa, mayi sadatenge kalata yakubadwa, mwana naye alibe. Apa ndi pamene mphekeserayi ikupha kwenikweni. Munthu akamva kuti kuofesi ya boma kuli msampha, sapitako ngakhale kukatenga kalata yakubadwa ya mwana wake. Mwanayo adzavutika kulemba mayeso, adzalephera kutenga chitupa, kutsegula akaunti kubanki ngakhale kulembetsa nambala ya foni m'dzina lake. Uthenga umene mukuutumiza kwa mlamu wanu lero poganiza kuti mukumuchenjeza, ukhoza kusiya mdzukulu wake wopanda dzina m'mabuku a dziko limene adabadwiramo.

Tsono taonani chimene tikutaya tikakhala pakhomo tsiku lovota. Chitungwiza ndi tawuni ya anthu opitirira 370,000 malinga ndi kalembera wa 2022, koma ilibe gwero lakelake la madzi. Imadalira madzi a mzinda wa Harare, makamaka ochokera kumalo oyeretsera madzi a Prince Edward, amene amatunga m'madamu a Seke ndi Harava. Madamuwa akaphwa, mipopi imauma. Aliyense wa ku Zengeza akudziwa mzere wa zigubu pamjigo usiku, zidebe zoikidwa mondondozana kusunga malo eni ake atakagona pang'ono, ndi atsikana obwerera kunyumba kutacha kuti akasambe n'kuthamangira kusukulu. Akudziwanso chithaphwi cha zonyansa za m'mapaipi ophulika chimene ana amachilumpha popita kukagula buledi. Kolera ya 2008, imene idapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, idayambira kuno ku Chitungwiza m'mwezi wa Ogasiti, ndipo matendawa adabweranso m'dziko mu 2023. Kolera sifunsa chitupa. Imalowa m'nyumba ya wa chitupa cha nzika cholembedwa CIT ndi ya wa ALIEN chimodzimodzi.

Amene amakhala pansi kukambirana za madzi, za mapaipi a zimbudzi, za zinyalala, za malo a pamsika, za mapuloti ndi za nyumba zoti zigwetsedwe, ndi makhansala. Ndiwo amavomereza bajeti ya khonsolo ndi mitengo imene mumalipira. Khansala ndi munthu wandale, ndipo wandale amawerenga mavoti. Akadziwa kuti mzere wakutiwakuti wa nyumba mumakhala anthu osalembetsa, paipi yawo idzakhala yomaliza kukonzedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife ndi amene tikumva m'mimba, ndiye tikudikira ndani?

Kayendetsedwe ka chisankhochi n'kosavuta kumva. Chitungwiza ili ndi mawodi 25, ndipo wodi iliyonse imasankha khansala mmodzi. Pa chisankho chachikulu, monga cha pa 23 Ogasiti 2023, wovota amalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Pa ukhansala palibe kubwereza. Wopeza mavoti ochuluka wapambana, ngakhale atasiyana ndi mnzake pang'ono chabe, ndipo wodi ndi dera laling'ono moti mabanja ochepa akhoza kutembenuza zotsatira. Voti yomweyo imagwiranso ntchito ina. Kuyambira 2023 makhonsolo ali ndi mipando yoonjezera ya amayi, yokwana 30 pa 100 iliyonse, imene imagawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti amene zapeza pa ukhansala. Pambuyo pake makhansalawo ndiwo amasankha meya pakati pawo. Wosavota wataya zonse zitatu. Ndipo khansala akamwalira, akatula pansi udindo kapena akachotsedwa ndi chipani chake, monga zachitikira kawirikawiri m'matawuni a Zimbabwe zaka zapitazi, pamakhala chisankho chapadera cha wodi imeneyo. Choncho kulembetsa si nkhani yodikira chaka cha chisankho.

Mabodza ang'onoang'ono aja sachedwa kugwa. Kuvota sikulira kukhala ndi nyumba: loja amavota, ndipo ngati bilu ya madzi ili m'dzina la mwini nyumba, kalata ya mwini nyumbayo kapena fomu yolumbirira ya ZEC yonena kumene mumakhala imakwanira. Ngongole ya kukhonsolo imakhudza wofuna kupikisana pa ukhansala, amene ayenera kukhala nzika ya zaka 21 kapena kuposerapo, yolembetsa m'dera la khonsoloyo, yosakhala ndi ngongole yopitirira masiku 120. Wovota safunsidwa za ngongole. Makina ojambula zala ndi a pa kalembera, sadziwa amene mwamuchonga, chifukwa voti imaponyedwa papepala inu muli nokha. Ndipo za unzika wapawiri, khothi loona za malamulo aakulu lidagamula mu 2013 pa mlandu wa Mutumwa Mawere kuti nzika yobadwa nayo siluza unzika wa Zimbabwe chifukwa chokhalanso ndi wa dziko lina.

Chimene chingakulepheretseni kuvota ndi kuchedwa, osati mtundu wanu. Kaundula amatsekedwa pakangopita masiku awiri pulezidenti atalengeza tsiku la chisankho. Mu 2023 chilengezo chidatuluka pa 31 Meyi, ndipo wolembetsa pambuyo pa 2 Juni sadavote chaka chimenecho. Dzina lanu limapezeka pa malo amodzi okha ovotera, ndipo malire a mawodi atasinthidwa mu 2023 ena adapeza kuti asamutsidwira kwina. Safunsa adadya phula. Pitani kuofesi ya ZEC mukaone dzina lanu ndi malo anu nthawi ikadalipo. Ngati chitupa chanu chidalembedwa ALIEN, tengani kalata yanu yakubadwa mupite kuofesi ya kaundula akakusinthireni, kuti mkangano wa pamzere uthereretu. Wogwira ntchito wina akakubwezani, musangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Pemphani kuonana ndi wamkulu wake, tchulani ndime 43, ndipo zikakanika kaonaneni ndi maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights, amene akhala akumenyera milandu yotereyi.

Kwa ZEC ndi ofesi ya kaundula tili ndi pempho lachindunji. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino. Falitsani uthenga wa kalembera m'Chichewa, pawailesi ndi pamapepala, ndipo phunzitsani antchito anu onse chigamulo cha 2017, chifukwa munthu mmodzi wobwezedwa molakwika amakauza mzere wonse wa nyumba kuti mphekesera ija n'njoona. Nyumba ya Malamulo nayo ikonze lamulo lakale la unzika kuti ligwirizane ndi malamulo a 2013, pasakhalenso pobisalira aliyense wofuna kuvutitsa anthu.

Koma ntchito yaikulu ili kwa ife eni. Abusa ndi akulu ampingo a CCAP, mashehe a m'mizikiti, atsogoleri a mabungwe a maliro ndi akuluakulu a kudambwe, anthu amakumverani kuposa mmene amamvera nyuzipepala. Mumadziwa nyumba iliyonse ya anthu anu, mumadziwa amene alibe kalata yakubadwa. Pa msonkhano wanu wotsatira funsani kuti ndani sadalembetse, ndipo musankhe anthu owaperekeza okalamba kuofesi. Inunso owerenga, uthenga uja ukakufikani musautumize kwa wina. Muyankheni wokutumiziraniyo, pagulu pomwepo, kuti wobadwira muno ndi nzika ndipo amavota, kenaka mumufunse ngati iye mwini adalembetsa.