Penti wa kunsi kwa sitima asamaphe nyanja

Sitima yapamadzi ikakhala masiku owerengeka m'nyanja yamchere, kunsi kwake kumayamba kuterera ndi mabakiteriya. Pamenepo pamamera ndere, kenako tizilombo tazigoba totchedwa barnacle timadzimata ndi ulimbo wathupi mwake. Sitima yotere imayenda mokoka ndipo injini imamwa mafuta ambiri. Ndalama ya mafutawo imalowa mu mtengo wa katundu wotsitsidwa pa madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, mpaka wogula feteleza ku Lilongwe kapena ku Chipata nayenso amaisenza.

Kwa zaka zambiri eni sitima ankathana ndi vutoli pogwiritsa ntchito poizoni. Penti wokhala ndi mankhwala a tributyltin, kapena kuti TBT, ankagwira ntchito bwino kwambiri, koma chinali chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ulimi wa nkhono za oyster ku Arcachon, m'dziko la France, unalowa pansi, ndipo m'madoko ambiri nkhono zazikazi zinapezeka zitamera ziwalo zachimuna. France inaletsa pentiyu pa maboti ang'onoang'ono mu 1982, koma pangano la bungwe la IMO loletsa TBT padziko lonse, lomwe linavomerezedwa mu 2001, linayamba kugwira ntchito mu 2008. Lero sitima zambiri zimapakidwa penti wa mkuwa, womwe nawonso umasungunukira m'madzi n'kuunjikana m'matope a m'madoko.

Ndiye chifukwa chake njira ya ma enzyme ndi yoyenera kuilimbikitsa. Ulimbo wa barnacle ndi wa mbewu za ndere uli ndi mapuloteni, ndipo pali ma enzyme omwe ntchito yawo ndi kudula mapuloteni. Imodzi mwa izo ndi subtilisin, yochokera ku mabakiteriya a mtundu wa Bacillus, yomwe imapezekanso mu sopo waufa wochapira zovala. Akatswiri amaimangirira ku khungu lopyapyala la polymer kuti madzi asaikokolole. Kachilombo kakafika kuti kadzimate, ulimbo wake umafooka, ndipo madzi amakachotsa mosavuta kali kamoyo. M'zipinda zoyesera njirayi yaonetsa kuti imachepetsa mphamvu yomatira ya mbewu za ndere ndi ya ana a barnacle.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Enzyme nayonso ndi puloteni, choncho imatha mphamvu pakapita nthawi, pomwe sitima yaikulu imakhala zaka pafupifupi zisanu isanapakidwenso penti. Zomera kunsi kwa sitima n'zamitundumitundu, ndipo enzyme yogonjetsa barnacle ikhoza kulephera pa mabakiteriya. Mwini sitima sangagule penti wokwera mtengo yemwe afooke pakatha chaka.

Komabe zonsezi ndi zifukwa zopitirizira kafukufuku. Maboma ndi makampani a penti ayike ndalama zoyesera njirayi pa sitima zenizeni, m'madzi ozizira ndi m'madzi ofunda ngati a Indian Ocean, komwe zamoyozi zimakula msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pentiyu asatchedwe wosaononga chilengedwe asanayesedwe kwa zaka zingapo, pakuti TBT nayenso anatamandidwa asanadziwike bwino. Zotsatira za kuyesako, zabwino ndi zoipa zomwe, zifalitsidwe poyera kuti oyang'anira madoko ndi asodzi aziwerenge okha.