Mphatso ya Kholo Isasiye Nkhokwe Ili Mbee

Mwambo wathu umatiphunzitsa kuti mwana akapatsidwa kanthu ndi wamkulu amagwada, nalandira ndi manja awiri, nathokoza. Kukana chimene kholo lakuninkha ndi mwano, ndipo m'midzi yambiri munthu wokana chakudya kapena nkhuku imene wapatsidwa amaoneka ngati akumuganizira zoipa wopatsayo. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo ife sitifuna kuti uthe. Komabe lero tikufuna kunenapo pa nkhani imene ikusautsa ana ambiri akuluakulu, amene ali pa ntchito ndipo ali ndi mabanja awoawo. Kodi achite chiyani pamene bambo kapena mayi awo okalamba abwera ndi mphatso yamtengo wapatali, yoposa mphamvu za okalambawo?

Ife tikuti mwana wotere ali ndi ufulu, ndipo nthawi zina ali ndi udindo, wobweza mphatsoyo mwaulemu.

Timvetsetsane bwino. Sitikunena za thumba la mtedza, lichero la ufa kapena tambala amene mayi amangirira mwana wawo pobwerera kutauni. Zimenezo landirani ndi chimwemwe ngakhale kwanu ufa uli wodzaza. Tikunena za mphunzitsi amene wagwira choko zaka 30, ndipo atangolandira ndalama zake zopumira pa ntchito aganiza zogulira mwana wake galimoto. Tikunena za mlimi amene wagulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu, natenga phindu la chaka chonse kukagulira mwana wake mipando ya pabalaza. Tikunenanso za mayi wamasiye amene afuna kugulitsa ng'ombe zake ziwiri zokoka ngolo kuti alipirire madyerero a ukwati wa mwana amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi.

Chifukwa choyamba chokanira mphatso zotere ndi chakuti chuma cha munthu wokalamba sichiphukiranso. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2011 linakhazikitsa kuti wolemba ntchito aziikira wantchito wake ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, ndipo wantchitoyo aziikapo 5. Lamulo latsopano la 2023 linalola wopuma pa ntchito kutenga mpaka theka la ndalamazo nthawi imodzi. Ndalama yochuluka chotere ikafika m'manja imaoneka ngati sidzatha, koma imabwera kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Mwana amene ali pa ntchito angathe kukwezedwa malipiro kapena kusintha ntchito, koma nkhalamba imene inasunga ndalama zake inangoona zikusungunuka ngati mchere m'madzi.

Ndipo makolo ambiri m'dziko muno sanalembedwepo ntchito ya penshoni. Penshoni yawo ndi munda, khola la mbuzi ndi ng'ombe zingapo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, inakonzedwera mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, sinakonzedwere nkhalamba iliyonse. Namondwe Freddy atakokolola minda m'chigawo cha kummwera mu March 2023, ndiponso chilala chitagwa m'chaka cha 2024 mpaka boma kulengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 muli ngozi, banja limene linali ndi mbuzi kapena ng'ombe linali ndi pothawira, chifukwa likanatha kugulitsa imodzi n'kugula chimanga. Ukalamba nawo umadza ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi maso, amene amafuna mankhwala ndi maulendo a kuchipatala chaka ndi chaka. Mwana wolandira ng'ombe za mayi ake lero adziwe kuti walandira chakudya ndi mankhwala a mayiwo a zaka zikubwerazi.

Chifukwa chachiwiri ndi mtendere wa pabanja. Kholo silikhala ndi mwana mmodzi yekha kawirikawiri. Galimoto kapena puloti ikapita kwa mmodzi, amene mwina ndiye ali bwino kale, alongo ndi abale otsala kumudzi, amene amatunga madzi ndi kudwazika makolowo, amangoyang'ana. Sanena kanthu kholo lili moyo, koma nkhaniyo imadzatuluka pamaliro, ndipo milandu yotere yapasula mbumba zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chachitatu ndi chakuti kupatsa n'kuika. Mphatso yaikulu imamanga wolandira. Bambo amene amangira mwana wawo nyumba amayembekeza kuti mawu awo azimveka m'nyumbamo, ndipo mpongozi amayamba kudziona ngati mlendo pakhomo pake pomwe. Mwamuna kapena mkazi wapabanja asalandire katundu wotere asanakhale pansi ndi mnzake.

Koma tikufuna kuchenjezanso ana amene angatenge mawu athuwa ngati chilolezo chochitira chipongwe makolo awo. Alipo ena amene amakana mphatso chifukwa chonyada, poti nsaluyo ndi yachikale kapena mipandoyo siyenerana ndi nyumba yawo ya kutauni. Khalidwe limeneli ndi lochititsa manyazi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Kholo likamapatsa, limafuna kudziwa kuti likadali kholo, kuti dzanja limene linalera silinafote. Munthu amene wakhala zaka zambiri akulandira thandizo kwa ana ake amalakalaka tsiku limodzi loti naye apereke. Wobweza mphatso mosasamala amalanda nkhalamba ulemu umenewu, ndipo bala lake limapweteka kuposa umphawi.

Nanga tsono akane bwanji? Choyamba, nkhani yotere siyokambira pa lamya kapena pamaso pa alendo. Mwana apite yekha kumudzi, akhale pamphasa, athokoze ndi mtima wonse, ndipo alole nkhaniyo igone. Mawa lake aitane malume kapena azakhali, anthu amene makolowo amawamvera, kuti mawu adzere m'njira yake. Chachiwiri, anene zoona, osanamizira kuti chinthucho sachifuna. Angathe kunena kuti: "Amayi, ndathokoza kwambiri, koma mtima wanga sungakhale pansi kuti ine ndiziyenda pa galimoto inu denga likudontha."

Chachitatu, makolo athu akale anatisiyira kale njira, ndiyo kuikiza. Munthu ankapatsidwa mbuzi naisiya m'khola la mbale wake kuti iswane komweko. Mwana anene kuti: "Bambo, ng'ombezi ndalandira, ndi zanga tsopano, koma ndikuikiza m'khola mwanu. Zizikulimirani ndi kukukokerani ngolo." Apo kholo lapereka, mwana walandira, ndipo khola silinapasuke. Ngati ndi ndalama, apemphe kuti zigule malata, feteleza kapena kulipira sukulu ya mdzukulu wamasiye amene ali pakhomopo. Pomaliza, apemphe kanthu kakang'ono koti atenge, monga mpando umene bambo ankakhalira kapena mtondo wa mayi, kuti asachoke chimanjamanja.

Tivomerezenso kuti alipo makolo amene Mulungu anawadalitsa, amene angapereke nyumba nkhokwe zawo n'kukhalabe zodzaza. Ngati mwana wafufuza ndi kuona kuti mphatsoyo sisiya kholo pa mavuto, abale onse akudziwa, ndipo mnzake wapabanja wavomera, alandire ndi manja awiri. Kholo ndi munthu wamkulu wodziwa chimene akuchita, ndipo chuma ndi chake. Likaumirira litamva zonse, mwana asalimbane nalo ngati akulimbana ndi kamwana, koma adziwe mumtima mwake kuti kuyambira tsikulo nkhokwe ya pakhomopo ili pa mapewa ake.

Kwa inu makolo tikuti: mwana wanu akabwera modzichepetsa kudzabweza mphatso, musamuone ngati wakukanani. Munamupatsa kale mphatso yaikulu pamene munagulitsa mbuzi kuti iye apite kusukulu. Ndipo kwa inu ana tikuti: musanatambasule manja, yambani mwasuzumira m'nkhokwe ya makolo anu.