ZA MAKEDZANA: Milungu ya pa Khomo ya Aroma

Sabata ino tiyeni ticeze za ku dziko la Italy.

Ife amene tinapondako ku sukulu ya mishoni tidziwa Aroma monga anthu a nkhondo ndi a msonkho. Koma m'nyumba mwao anali anthu a nsembe. Banja liri lonse linali ndi milungu yace ya pa khomo. Ina anali kuicha Penates, yosunga cakudya. Dzinali licokera ku mau ao akuti penus, ife tingati nkhokwe. Ina anali kuicha Lares, ndiyo ndifuna kukambapo lero.

Maonekedwe ace tiwadziwa cifukwa ca mudzi wa Pompeii, umene unakwiririka ndi phulusa pamene phiri la Vesuvius linaphulika m'caka ca 79. Mudziwu suli kutali ndi Puteoli, dooko limene Paulo anatsikirapo pomka ku Roma. Anthu pofukula anapeza tiakacisi tating'ono m'nyumba zambiri. Pa khoma panali cithunzi ca anyamata awiri alikubvina, atabvala malaya aafupi, yense atakweza nyanga yomwera vinyo, ndipo kunsi kwao njoka ilikukwawa. Tambiri mwa tiakacisi timeneti tinali ku khichini, pafupi ndi moto, kumene akapolo anali kugwira nchito.

Anthu ophunzira atsutsana. Ena ati Lares inali mizimu ya makolo, ena ati inali milungu ya minda ndi malire. Ine ndikamva mwambo wace ndingokumbuka akulu athu potsira ufa pa tsinde la msolo.

Nsembe zace sizinali zodula ai: lubani pang'ono, vinyo, cakudya, ndi nkhata ya maluwa pa masiku atatu oikika mwezi uli wonse. Mnyamata akakula anali kupereka kwa Lares cithumwa cimene anali kubvala m'khosi paubwana. Mkwatibwi polowa m'nyumba ya mwamuna wace anali kuipatsa ndalama imodzi.

Cato, amene analemba buku la ulimi zaka ngati 160 Yesu asanabadwe, analangiza kuti mwini munda akafika ku munda wace ayambe wapereka moni kwa mlungu wa pa khomo, pambuyo pace ndi pamene ayendere minda. Koma nanga iye akacoka, anali kusesa pa moto ndi kupacika maluwa aja ndani? Mkazi wa kapitao, wotsala pa khomo. Inu amene munasiya akazi ndi ana kumudzi, mudziwa nokha amene alikusunga moto wanu usiku uno.

Tsono mverani ici. Kumapeto a December kapena kuciyambi ca January kunali phwando lochedwa Compitalia, la Lares ya pa mphambano za njira. Akapolo anali kupumula ndi kulandira vinyo woonjezera, ndipo anali kutumikira nao pa nsembe. Usiku nyumba iri yonse inali kupacika pa mphambano zinthu za ubweya wa nkhosa monga mwa ciwerengero ca anthu ace. Mfulu ali yense, cidole. Kapolo ali yense, mpira. Ine nchito yanga ndi kulemba maina ndi manambala a anthu m'buku, cotero nkhani iyi yandikhala mumtima. Onse anawerengedwa, palibe anaiwalika. Koma wina anamuumbira mutu ndi manja, mnzace kambulunga cabe.

Kaisara Augustus, yemwe uja wa kalembera, anaona kuti anthu wamba akonda mwambowu, nauika pansi pa dzina lace. M'caka ca 7 Yesu asanabadwe anakonza mudzi wa Roma m'timagawo, ndipo milungu ya pa mphambano inachedwa Lares Augusti. Oyang'anira ace ambiri anali anthu omasulidwa ku ukapolo.

Mwambowu unakhalitsa ngakhale Cikristu citafala. M'caka ca 392 Kaisara Theodosius anacita kuika lamulo loletsa munthu kuyatsira Lares moto, kapena kufukizira Penates lubani, ngakhale m'nyumba mwace mwini.