Pakhonde Pathu: Mamilimita Asanu a Lachisanu

Gitala imene yakolekedwa pakhoma la pabalaza pathu ili ndi chipsera pamimba. Alendo akafunsa timangoti nkhani yake ndi yaitali. Koma popeza ena mwa inu mwakhala mukufunsa ngati munthu wamba angathe kupanga gitala pakhomo, mwezi uno tiifotokoza yonse.

Mwini nkhani ndi mnyamata wathu wa zaka 15. Anabwera kuchokera ku msonkhano wa misasa ali ndi pempho limodzi: timugulire gitala yoti aziimbira anzake a kwaya ya achinyamata. Tinakafunsa mtengo m'tauni, n'kubwerako pakamwa pali gwa. Komabe chimene chinkatisowetsa tulo sichinali ndalama. Mwanayu anali atayambapo zinthu zingapo n'kuzisiyira panjira, nkhunda, dimba la tomato, ndipo madzulo ake ankathera pa foni. Kucheza kwathu ndi iye kunali kutatsala kwa "wadya?" ndi "wagona?" basi. Choncho tinamuuza kuti kugula sitigula, koma ngati akuifunadi, tipangira limodzi.

"Ababa, inuyo munapangapo gitala?"

Tinayankha zoona. Imene tinapangapo tili ana inali banjo ya chitini cha mafuta, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga. Luso limeneli si lochepa ayi. Oimba monga Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band aimba mpaka ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha. Koma gitala ya matabwa ya nsambo zisanu ndi imodzi ili ndi malamulo ake, ndipo tonse awiri tinali ophunzira. Amene anatigwira dzanja ndi kalipentala wina wachikulire wa mumpingo mwathu, yemwe anatibwereka pulena ndi matchizulo, n'kutilangiza kuti tisawabweze obuntha.

Phunziro loyamba linatidabwitsa. Mawu a gitala sachokera kwenikweni ku nsambo, koma ku thabwa lakutsogolo, lija lili ndi bowo. Nsambo imangoligwedeza, ilo n'kumakankha mpweya. Mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, amene anakhazikitsa maonekedwe a gitala ya nsambo za nayiloni imene tikuidziwa lero, anapanga gitala mu 1862 imene kumbuyo ndi m'mbali mwake munali mapepala omata, kutsogolo kokha ndiko kunali thabwa labwino. Inalira bwinobwino. N'chifukwa chake thabwa limeneli liyenera kukhala lopepuka, la mizere yowongoka, ndiponso lopyapyala, mamilimita awiri ndi theka kapena atatu. Amisiri akunja amakonda mtengo wa spruce. Ife tinagwiritsa ntchito paini wouma wa shelefu yakale. Kupala thabwa ndi pulena mpaka lifike pamenepo osaliboola kunatitengera madzulo asanu ndi anayi, ndipo loyamba tinaliboola.

Za m'mbali, kumbuyo ndi khosi tinatenga mbawa ya bedi lothyoka la agogo ake. Apa ndiye tili ndi mwayi, chifukwa mbawa ndi mtengo umene mafakitale akunja amaitanitsa ku Africa kuno n'kumapangira magitala. Poponda zala tinaikapo mlombwa. Wina anatinong'oneza kuti akhoza kutipezera mkungudza wa ku Mulanje, koma tinakana. Mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, ndipo sitikanafuna kuimbira Mlengi ndi thabwa lakuba. Mipando yothyoka ndi zitseko zakale zili mbwee m'makomo mwathu, matabwa ake anauma kalekale.

Kuuma kumeneku n'kofunika kuposa m'mene tinkaganizira. Thabwa limamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kufufuma, kenaka limafota m'chilimwe. Gitala yomatidwa mu Febuluwale ikafika Okutobala ikhoza kung'aluka kutsogolo, koma yomatidwa kukuuma imapirira mvula ikabwera. Tinayamba kupala mu Juni, bokosi tinalitseka mu Seputembala.

Kupinda matabwa a m'mbali ndiyo inali ntchito yokoma kuposa zonse. Tinatenga paipi yachitsulo, kuimangirira pa benchi, n'kuikamo makala amoto. Thabwa lopyapyala lonyowetsedwa ukaligunditsa pa paipi yotentha n'kumalikankha pang'onopang'ono, limafika poti lagonja lokha m'manja mwako. Ukafulumira limathyoka. Mnyamatayo ndiye anali ndi manja ake a ntchitoyi: ife tinathyola awiri, iye sanathyole n'limodzi lomwe, ndipo sanaleke kutikumbutsa. Zopanira zogula tinalibe, moti pomata tinkamanga ndi mphira zodula ku chubu cha njinga. Mkati mwa thabwa lakutsogolo tinamatamo timitengo tolilimbitsa, toyala ngati zala za dzanja lotambasula. Tinasankha nsambo za nayiloni chifukwa zachitsulo zimakoka ndi mphamvu pafupifupi makilogalamu 70, pomwe za nayiloni zimangopitirira pang'ono theka lake. Khosi la ophunzira silikanapirira.

Poti ino ndi magazini ya zaumoyo, tisabise kuti sabata yoyamba tonse tinkatsokomola. Fumbi la matabwa si lamasewera. Limayambitsa chifuwa, limautsa mphumu, ndipo mu 1995 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'mphuno kwa amene amalipuma zaka zambiri. Tinasamutsira benchi panja, kugula zotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo posesa tinkayamba tawaza madzi. Makala aja musawayatsire m'chipinda chotseka, vanishi ndi thina pakiraninso panja. Tchizulo chobuntha ndicho chimacheka munthu, chifukwa umachikankha ndi mphamvu n'kutsetsereka. Manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa mpeni wake.

Kenaka panabwera masamu. Kuchokera pa kafupa ka kumutu mpaka pa kafupa ka pamimba, nsambo yathu inayenera kutalika mamilimita 650. Kuti upeze pokhala kachitsulo koyamba ka pakhosi, kamene oimba amati fureti, umagawa 650 ndi 17.817, n'kupeza 36.5. Chotsalacho umachigawanso chimodzimodzi, n'kupeza 34.4, mpaka onse atakwana. Fureti ya nambala 12 imagwera pakati penipeni, pa 325. Mwana amene ankati masamu alibe ntchito anakhala ndi pensulo mpaka usiku osauzidwa. Tinakumbuka kuti Ellen White, m'buku lake la Education la mu 1903, anapereka mutu wathunthu ku maphunziro a ntchito zamanja. Tinali titauwerengapo kale, koma tinaumvetsa usiku umenewo.

Tsopano za chipsera chija. Linali Lachisanu la mu Okutobala, ndipo chotsala chinali kumata buriji, kathabwa kogwira nsambo pamimba pa gitala. Nthawi inali itadutsa 5 koloko, dzuwa likufiira. Mayi ake anali ataitana kale kawiri kuti madzi osamba akuzizira. Ife tinabwera ndi nzeru yooneka yabwino: timate tsopano, guluu aziuma pa Sabata ife tikupuma, tsiku loyamba timange nsambo.

"Ababa, bwanji tiyezenso kaye? Kukuda."

"Tayeza kale, iwe gwira mphirayo."

Tinatsegula Sabata mochedwa, m'zikhadabo muli guluu, ndipo kunena zoona ulaliki wa m'mawa mwake tinaumva ndi khutu limodzi.

Tsiku loyamba tinamanga nsambo n'kutchuna. Zosaponda zinalira mokoma moti mlongo wake anavina. Atayamba kuponda, nkhope yake inasintha. Akamatsika ndi khosi mawu ankakwera mopitirira, ndipo pofika pa fureti ya nambala 12 ngakhale wosadziwa kuimba akanamva kuti china chalakwika. Tinatenga tepi. Kafupa kanali pa 647. Kanayenera kukhala pa 652, chifukwa nsambo ikapondedwa imakungika pang'ono, ndiye amisiri amawonjezera mamilimita awiri. Ife mu kamdima kaja tinali titaphonya ndi mamilimita asanu.

Mwanayo sananene kanthu. Anaika gitala pa benchi, n'kukatenga foni yake. Inakhala pamenepo masabata atatu ikutola fumbi, ndipo tinkaona kuti ikulowera kumene kunalowera nkhunda ndi tomato, koma ulendo uno wolakwa sanali iye. Kwa bambo wa Chimalawi, kupepesa mwana n'kovuta kuposa kupala paini. Tinayesa njira zonse zozungulira. Tinanena za tepi yofufutika manambala, tinanena za mdima. Pamapeto pake mayi ake anatifunsa tili awiri kuti kodi amene anati tiyezenso anali ndani. Madzulo amenewo tinagogoda pachitseko chake n'kumuuza kuti iye ananena zoona, ife tinakana kumva, ndipo tinaba nthawi ya Sabata kuti tipulumutse tsiku limodzi. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati buriji imamatuka.

Imamatuka. Guluu woyera wa matabwa amafewa ndi kutentha. Tinatchinga paini ndi katoni, kuika simbi yofunda pa buriji, n'kumalowetsa kampeni kopyapyala pansi pake pang'onopang'ono. Pafupifupi ola lathunthu linatha. Inachoka ndi tizibenthu ta paini, ndipo chipsera chimene alendo amafunsa n'chimenecho. Kalipentala uja anati tikhoza kuchibisa ndi vanishi wakuda, mnyamatayo anakana. Poyezanso anagwira tepi ndi iye, anayeza katatu, masana a Lachiwiri.

Gitalayo siyofanana ndi za m'sitolo. Nsambo yachitatu imanjenjemera pa fureti yachisanu ndi chiwiri, ndipo khosi lake ndi lonenepa ngati mpini wa khasu. Koma Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa ndi imene imatitsogolera nyimbo za mu Khristu mu Nyimbo, zida zonse zitabwerera m'bokosi 3 koloko isanakwane. Sabata yatha tinamupeza mnyamatayo akugogoda chitseko cha kabati ya mbawa ya mayi ake, khutu ataligunditsa pathabwa. Mayi ake anena kale kuti kabatiyo sinathyoke.