"Sidya Mafuta": Chiganizo Chosowa Muonjezi

Kwathu ku Soche, munthu akagula galimoto, funso loyamba limene anzake amamufunsa si la mtengo kapena la chaka chimene galimotoyo inapangidwa ayi. Amafunsa kuti, "Nanga imadya bwanji?" Ndipo masiku ano pali yankho limodzi limene limatseka pakamwa aliyense: "Ndi haibulidi, sidya mafuta." Ena amapitirira n'kunena kuti imangonunkhiza. Ine monga wophunzira za chiyankhulo ndakhala ndikuchiganizira chiganizo chimenechi kuyambira mu Novembala 2024, pamene chinatsala pang'ono kutisiya panjira, ndipo maganizo anga ndi akuti si bodza kwenikweni koma ndi chiganizo choperewera. Chili ndi mneni, koma chikusowa muonjezi wotiuza kuti sidya mafuta kuti, ndiponso ikuyenda motani.

Malume anga, mchimwene wa amayi, anagwira ntchito zaka zambiri asanakwanitse kuitanitsa kuchokera ku Japan galimoto imene ankailota. Inali Toyota Crown ya haibulidi, yopangidwa mu 2013, yaitali, yakuda, ya mipando yofewa ngati ya m'chipinda chochezera cha bwana. Amene anawathandiza kuitanitsa anawaonetsa pepala pamene panalembedwa kuti galimotoyo imayenda makilomita 23.2 pa lita imodzi. Nambala imeneyi malume anailoweza ngati ndime ya ku Sande sukulu. Kunena zoona, mu mzinda galimotoyo sinawachititse manyazi. M'mamawa akatsika ku Soche kudzera pa Kamba n'kukalowa mu mdipiti wa magalimoto wa pa Ginnery Corner, kapena madzulo akamakwawa mu msewu wa Masauko Chipembere kulowera ku Limbe, injini inkazima yokha, galimoto n'kumayenda mwakachetechete pa mphamvu ya batire, pamene maminibasi oyandikana nawo ankangofuka utsi ataima malo amodzi.

Tsono mu Novembala 2024 mafuta anasowa m'dziko muno, monga anasowera mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022. Mkatikati mwa vutolo kunabwera uthenga wa maliro a apongozi awo a malume ku Lilongwe. Malume anachezera pa mzere ku Limbe, ndipo mbandakucha anawathirira malita 15 okha, nyale yochenjeza kuti mafuta atsala pang'ono itayaka kale. Atafika kunyumba anatenga cholembera n'kundiitana.

"Mphwanga, iwe wa ku yunivesite, tawerengera. Malita 15 kuchulukitsa ndi 23."

"Ndi 345, malume."

"Ku Lilongwe kudzera ku Zalewa ndi makilomita 310 ndi pang'ono. Ndiye kuti tikafika nyale isanayakenso."

Masamuwo anali olondola, ndipo ine ndinavomera. Tinanyamuka anthu asanu, kumbuyo titaika thumba la ufa, ndowa ndi zikwama. Popeza tinachedwa pa mzere uja ndipo mwambo unali woyamba masana, malume atangodutsa pa Lunzu anaponda. Pa Phalula kasingano kanali pa 120, nthawi zina kupitirira. Kunja kunali kotentha monga kumakhalira mvula isanayambe, choncho choziziritsa m'galimoto chinali choyatsa ulendo wonse. Titangodutsa pa Lizulu, tisanafike n'komwe pa Dedza, nyale ija inayaka. Tinali titayenda makilomita pafupifupi 210. Aliyense angathe kugawa yekha: galimoto ija inali ikuyenda makilomita 14 pa lita.

M'galimoto munati zii. Azakhali, akazi awo a malume, amene ankapita kukaika mayi awo owabala, sanayankhule kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunali kowawa kuposa kukalipa. Pa Dedza malo omwetsera mafuta anali ouma. Mapeto ake tinagula malita asanu a m'chigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu pa mtengo wowirikiza katatu wa K2,530 imene inali mtengo wovomerezeka wa petulo nthawi imeneyo. Tinafika bokosi litatuluka kale m'nyumba.

Kodi ndani anatinamiza? Poyamba ndinkaganiza kuti ndi pepala lija. Nditafufuza ndinapeza kuti nambala ya 23.2 ndi yoona ndithu, koma inapezeka pa mayeso otchedwa JC08 amene boma la Japan linkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Pa mayesowa galimoto siyenda pa msewu. Imaikidwa pa makina m'nyumba, matayala n'kumazungulira pamalo amodzi, potsanzira kayendedwe ka mu mzinda: kunyamuka, kuima, kudikira, kunyamukanso. Liwiro lake likaphatikizidwa limangokhala makilomita 24 pa ola, ndipo pothamangitsitsa penipeni safika n'komwe pa 82. Mulibe thumba la ufa, mulibe chitunda, ndipo choziziritsa chimakhala chozimitsa. Mwachidule, pepala lija linkanena za ulendo wonga wochokera ku Soche kupita ku Limbe, ife n'kuliwerenga ngati likunena za msewu wa Zalewa. A ku Japan eni akewo anaona kuti manambala a JC08 amatalikirana ndi zimene oyendetsa amapeza, ndipo kuyambira mu 2018 anasamukira ku mayeso ena otchedwa WLTC, amene amaonetsa padera kadyedwe ka mu mzinda, ka kunja kwa mzinda ndi ka pa msewu waukulu. Koma magalimoto ambiri amene tikuitanitsa ndi akale kuposa pamenepo, choncho nambala imene imafika kuno ndi yakale ija.

Chinsinsi chonse chagona pa mmene haibulidi imapulumutsira mafuta. Batire lake silitchajidwa pa soketi ya m'nyumba. Mphamvu iliyonse imene ili m'menemo inachokera ku petulo yemweyo. Nzeru yake ndi yotolera zimene galimoto wamba imataya. Woyendetsa akaponda mabuleki, galimoto wamba imasandutsa liwiro lake kukhala kutentha kumene kumangouluka, pamene haibulidi imagwiritsa ntchito mota yake ya magetsi kubweza gawo la mphamvuyo m'batire. Ikaima pa maloboti, injini imazima. Ikamakwawa pang'onopang'ono, pamene injini ya petulo imawononga kwambiri, mota ndiyo imakoka. Zonsezi zimafuna kuti pakhale kuimaima. Chimene chimatopetsa woyendetsa pa Chichiri nthawi yoweruka ndicho chakudya cha haibulidi.

Pa msewu wautali zotolera zimachepa. Kuchokera pa Zalewa mpaka pa Chingeni munthu amatha mphindi zambiri osakhudza buleki, ndipo injini imagwira ntchito osapuma ngati ya galimoto ina iliyonse. Pamenepo mdani wamkulu ndi mphepo. Aliyense amene anatulutsapo dzanja pa zenera la basi amadziwa kuti mphepo imakankha, koma ambiri sitidziwa kuti kukankhako sikukula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kowirikiza kanayi. Kuchoka pa 80 kufika pa 120, kukankha kwa mphepo kumaposa kuwirikiza kawiri, ndipo mphamvu imene yapita pong'amba mphepo palibe batire limene lingaibweze. Onjezerani kuti Crown ndi galimoto yolemera kuposa tani imodzi ndi theka ikadali yopanda munthu, ya injini ya malita 2.5, ndiponso kuti kuchokera pa mlatho wa Shire pa Zalewa kukafika ku Dedza msewu umangokwera, kuchoka m'chigwa chotentha kukafika kumapiri kozizira. N'zoona kuti potsetsereka kuchokera ku Blantyre kupita ku Zalewa batire limadzaza, koma ndi laling'ono. Likadzaza, zotsalazo zimatayika. Ndipo batire limene latha zaka khumi silisunga monga linkasungira lili latsopano.

Palinso kanthu kena kakang'ono ka kwathu konkuno. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa, kenaka ndi wa ku Chikwawa. Zimenezi zimathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, koma lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, kotero naye amadulako pang'ono pa mtunda.

Apa ndi pamene mawu akuti "haibulidi" amandisangalatsa. Sanabwere ndi galimoto. Ife tinawadziwira ku munda. Agogo anga amasiyanitsa chimanga cha makolo ndi cha haibulidi, ndipo palibe mlimi amene amakhulupirira kuti zokolola zimene mbewu inapereka pa malo a kafukufuku ku Chitedze ndi zomwezo adzapeze pa munda wake wa m'mbali mwa phiri. Amadziwa kuti zimadalira feteleza, mvula ndi nthaka. Akamva kuti "mbewu iyi imabereka", amafunsa msanga kuti, "Pa dothi lotani?" Chodabwitsa n'chakuti mawu omwewo atachoka ku munda n'kukwera galimoto, funso lija linatsalira. M'tauni "haibulidi" yasanduka mfotokozi wotamanda basi, wofanana ndi "yabwino", ndipo tikuika m'thumba limodzi Toyota Aqua, kagalimoto kopepuka ka injini ya malita 1.5, ndi Lexus LS 600h ya injini ya malita 5, imene mota yake ya magetsi anaiikamo makamaka kuti iwonjezere mphamvu. Zonse ndi haibulidi, koma kadyedwe kake n'kotalikirana ngati ka mbuzi ndi ka ng'ombe.

Wina anganene kuti ndikunyoza galimoto chifukwa cha tsoka la tsiku limodzi. Ayi. Crown yomweyo ikanakhala ya petulo yekha, ya injini ya V6, pa liwiro lomwelo ndi katundu yemweyo ikanadya koposa, pakuti injini ya haibulidi inapangidwa kuti izifinya mphamvu yambiri pa dontho lililonse ngakhale pa msewu waukulu. Phindu lilipo ndithu. Chimene ndikukana n'chakuti phindulo ndi lofanana paliponse. Mu mzinda ndi lalikulu, pa msewu wautali ndi locheperapo, ndipo phazi la woyendetsa likhoza kulimaliza. Umboni ndinauona tsiku lomwelo. Titachoka pa Dedza malume, chifukwa cha mantha, sanapitirirenso 80, ndipo nambala ya kadyedwe ka mafuta imene imaoneka kutsogolo kwa chiwongolero inayamba kukwera pang'onopang'ono. N'zoona kuti kuchokera ku Dedza kupita ku Lilongwe kuli kutsetsereka, koma pobwerera anayendanso modekha ulendo wonse ndipo mafuta anawakhalitsa. Tikanayenda chotero kuchokera pa Kameza, tikanataya mwina ola limodzi pa msewu, koma sitikanataya maola awiri tikuzungulira pa Dedza kufunafuna chigubu.

Nkhaniyi si ya banja limodzi lokha. Dontho lililonse la petulo limene timatentha limalowa m'dziko muno kudzera ku madoko monga a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene timazisowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta unakwera sabata yomweyo. M'dziko lotere, munthu amene akuika ndalama za penshoni yake pa galimoto ayenera kuuzidwa zoona zonse, osati theka. Ngati moyo wake ndi wa pakati pa Soche, Limbe ndi m'tauni ya Blantyre, haibulidi imuthandiza, ndipo yaing'ono imuthandiza koposa. Ngati sabata iliyonse ali pa ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndipo akufuna galimoto yaikulu yaulemu, aigule podziwa kuti akugula ulemuwo ndi kufewa kwa mipando, asadzinamize kuti akugula njira yothawira mzere wa mafuta. Ine sindiona cholakwika kuti munthu akonde galimoto yokongola; malume anaigwirira ntchito. Cholakwika n'kubisa chilakolako kuseri kwa masamu a eni ake.

Ndikanakonda kuti amene amaitanitsa ndi kugulitsa magalimoto aziuza ogula kumene nambala ya pa pepala inachokera. Koma sindidikira zimenezo, popeza wogulitsa ntchito yake ndi kugulitsa. Kuyeza n'kosavuta ndipo sikufuna digiri. Mafuta akapezeka, dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita, yendani ulendo wanu, kenaka mudzazenso. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa kachiwiriko. Chitani zimenezi padera sabata ya m'tauni ndi padera ulendo wautali, ndipo mudzakhala ndi manambala awiri amene ndi anuanu, a msewu wanu, katundu wanu ndi phazi lanu.

Malume tsopano ali ndi kabuku m'galimoto mwawo, ndipo ndine amene ndinawalembera mizere. Tsamba lina analemba pamwamba "Tauni", lina "Zalewa". Sabata yatha mnzawo wina wa ku tchalitchi, amene akufuna kuitanitsa galimoto yofanana nayo, anaima pa geti n'kufunsa funso lija.

"Achimwene, nanga imadya bwanji?"

Malume anatsegula chitseko cha galimoto, n'kutulutsa kabuku kaja.

"Zitengera," anatero. "Inu mumapita kuti?"